Pau wogona musataye, tiyeni timuphike mu uvuni Lamulungu m'mawa

Abale anga a kuno ku Tete, khalidwe la pau wathu, buledi wa kuno uja, mukulidziwa kale. Ukamugula m'mawa ku padariya, kumene amaphika buledi, akadali wotentha amakoma zedi, kunja kolimba pang'ono mkati mofewa, kungopaka majarini basi tiyi watsika. Koma ingomusiyani afike madzulo wayamba kale kukanika, mawa lake nde olo mpeni umachita kuvutika naye, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene kuno ku Moatize ndi tsidya lina mu mzinda wa Tete kutentha kumapyola madigiri 40 mphepo yake nkukhala youma gwa. M'makomo ambiri pau wotere amathera kwa nkhuku pena amangotayidwa ku dzala, ndipo ine zimandiwawa mumtima chifukwa ndi ndalama imeneyo. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, ngakhale kuti alimi a ku Tsangano amalimako ndithu, ndipo akuluakulu mukukumbuka mu Seputembala 2010 mmene anthu adadzazira misewu ya ku Maputo ndi ku Matola mtengo wa buledi utakwera limodzi ndi wa madzi ndi magetsi. Buledi si chinthu choseweretsa.

Nde lero ndikufuna ndikugawireni chakudya chimene chimafuna pau wogonayo, chimachita kukoma ndi yemweyo kuposa watsopano. Ku America amachitcha French toast casserole, amakonda kudya kumapeto kwa sabata nthawi ija kadzutsa wapita kale koma nkhomaliro isanakwane, kwa ife tingoti nthawi yoweruka ku tchalitchi. French toast wamba ndi uja woviika magawo a buledi mu mazira ndi mkaka nkumakazinga limodzilimodzi pa chiwaya. Amene mudadyako rabanadas za Apwitikizi pa Khirisimasi, tsiku lija la 25 Disembala limene boma lathu limalitcha Dia da Família, mwazindikira kale kuti ndi banja limodzi, kungoti rabanadas amazikazinga m'mafuta ambiri kenako nkuzigubuduza mu shuga ndi kanela, amene ena amati sinamoni. Nzeruyi ndi yakale kwambiri, Aroma akalekale ankaviika kale buledi mu mkaka, kukazinga nkuthira uchi pamwamba. Chasintha apa nchakuti zonse zimalowa mu thireyi imodzi nkupsera limodzi.

Ndipo ine chimene ndidachikondera ndi chomwecho. Pokazinga limodzilimodzi wophika amaima pamoto mpakana aliyense atakhuta, mbale yoyamba ikamafika pa tebulo yachiwiri sinapse, ana akulimbirana, alendo akuchita manyazi kuyamba, iwe thukuta kamukamu ndi kutentha kwa kuno, ukamadzati ukhale pansi anthu akusamba m'manja. Koma za mu thireyi zimapsa zokha iwe ukuwiritsa tiyi, ukusambitsa mwana, ndipo zikapsa nonse mumakhala pansi nthawi imodzi, wophika yemwe. Kwa ine chimenechi nchachikulu, amayi a m'nyumba nafenso tizidya chakudya chikadali chotentha tikucheza ndi anzathu.

Tiyambe ndi pauyo poti mwini nkhani ndi iyeyo. Buledi akamagona pamachitika zinthu ziwiri, madzi amatuluka, komanso sitachi wa mu ufa amene adafewa ndi moto wa ku padariya uja amayamba kugwirananso nkulimba. Nchifukwa chake buledi woikidwa mu filiji amalimba msanga kuposa wa pa tebulo, kuzizira kumafulumizitsa kugwiranako. Koma buledi wolimba sikuti wawonongeka ayi, akatenthedwanso sitachi uja amamasuka. Nde taganizani, pau wouma ali ndi malo ambiri opanda madzi mkati mwake, mukamuthira mkaka wa mazira amamwa mpakana pakati koma osaphwanyika poti thupi lake ndi lolimba. Watsopano ali kale ndi madzi ake, amangomwa pang'ono kunja nkusanduka phala, mukaphika mumapeza pansi pali chinyezi chosakoma pamwamba pouma. Buledi wa m'pepala wodula kale uja, amene ena mumabwera naye kuchokera ku Malawi podzera pa Zóbuè kapena pa Calómuè, amathekanso koma ndi wofewa kwambiri ndipo magawo ake ndi opyapyala, amafuna kuumitsidwa kaye ndithu ndipo asaviikidwe nthawi yaitali. Pau wa ku padariya wa khungu lolimba ndiye mfumu pa chakudya ichi, wa tsiku limodzi kapena masiku awiri.

Chonde siyanitsani kuuma ndi kuchita chuku. Mukaona timadontho tobiriwira, takuda kapena toyera tangati ubweya, ameneyo tayani yense, osangodula mbali yoonekayo poti mizu ya chuku imalowa mkati mwa buledi mosaoneka ndi maso. Izi zimachitika kwambiri nthawi ya mvula pau akamangidwa m'jumbo ya pulasitiki akadali wotentha. Musungeni mu nsalu yoyera kapena m'pepala kuti azipuma. Ndipo ngati mulibe wogona koma mtima wafuna, dulani watsopanoyo m'zidutswa, muyale pa lichero muphimbe ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha ntchentche, dzuwa la ku Tete silichedwa kumaliza ntchito. Kumtunda ku Ulónguè ndi ku Dómuè kumene kumazizira, muikeni mu uvuni wa moto wochepa mphindi 10 kapena 15 angouma osapserera.

Muyezo wanga ndi wa anthu 6 mpaka 8. Pau wokwana theka la kilo, kapena tingoti wodzaza thireyi ya masentimita 23 mulifupi ndi 33 mulitali. Mazira 6 akuluakulu a ku famu, koma ngati ndi a nkhuku zachikuda ikani 8 poti amakhala ang'onoang'ono, ndipo awa ndi amene amapereka mtundu wachikasu wokongola uja. Mkaka mamililita 600, amene ndi pafupifupi makapu awiri ndi theka. Shuga masupuni akulu 4, mchere theka la kasupuni ka tiyi, kanela kasupuni kamodzi, vanila kasupuni kamodzi ngati alipo, ndi majarini kapena batala masupuni akulu atatu kuphatikiza wopaka mu thireyi. Chofunika kugwira pamutu ndi ichi, dzira limodzi lalikulu pa mamililita 100 aliwonse a mkaka. Mukachulutsa mazira zimanunkha dzira ndipo zimalimba, mukachulutsa mkaka sizigwirana olo mutaphika mpakana liti. Mukasunga muyezo umenewu mutha kuchepetsa kapena kuchulukitsa mmene mwafunira malinga ndi anthu amene abwera.

Mazira kuno sakhalitsa ndi kutenthaku, nde musaswere mwachindunji m'mbale yaikulu. Swerani lililonse m'kapu kaye, mwaliona mwalinunkhiza kenako nkuthira kwa anzake, dzira limodzi losukusa lingakuwonongereni mkaka wonse. Ngati mukukayika liponyeni m'madzi musanaswe, latsopano limamira nkugona pansi, lokhalitsa kwambiri limayandama chifukwa mpweya wachuluka mkati.

Pa mkaka mpamene ambiri amandifunsa, poti si tonse timagula wa m'katoni uja. Wa ufa ngati Nido umagwira bwinobwino, sungunulani motsata muyezo wolembedwa pa chitini, osaupanga wamadzimadzi pofuna kusunga. Wa ng'ombe wongokama kumene, umene abale a ku Angónia amaupeza mosavuta, ndi wokoma kuposa yonse chifukwa cha mafuta ake, koma uwiritseni kaye nkuusiya uzizire, mkaka wosawiritsa umatha kufalitsa matenda ochokera ku ng'ombe monga TB. Leite condensado, mkaka wokhuthala wotsekemera wa m'chitini uja, nayenso amatheka, theka la chitini kusungunula ndi madzi mpakana mukwanitse mamililita 600 aja, koma pamenepo shuga musaikenso poti pafupifupi theka la zimene zili m'chitini chija ndi shuga kale. Amene mumapeza kokonati wochokera ku Quelimane, kamani mkaka wake musakanize theka ndi theka ndi mkaka wamba, fungo lake nde labwino zedi. Chimene sindingakulimbikitseni ndi ufa woyeretsera tiyi uja, umaoneka ngati mkaka koma ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera, suchita ntchito ya mkaka.

Shuga ine ndimakonda wabulawuni wa m'dziko mwathu momwemu, wochokera ku minda ya nzimbe ngati ya ku Marromeu ndi ku Xinavane, amasiya kafungo ka nzimbe ndipo pamwamba amapsa mokongola. Mchere musauiwale olo zikhale zotsekemera, popanda mchere kutsekemerako kumakhala kozizira. Kanela ndi khungwa la mtengo, mumampeza wa ufa kapena wa timitengo m'mashopu a amwenye, wa timitengo mutha kuwiritsira mu mkaka nkuchotsa. Wa ufa ali ndi vuto loyandama pamwamba pa mkaka nkupanga timibulu, nde musakanizeni kaye ndi shuga wouma musanathire chamadzi chilichonse. Vanila weniweni wambiri amalimidwa ku Madagascar tsidya la nyanja ndipo ndi wodula kwabasi, wa m'timabotolo timene timagula kunoyu kawirikawiri ndi wochita kupanga, koma ntchito yake yophimba fungo la dzira amaigwira. Akasowa palani khungu la ndimu kapena la lalanje, kunja kokha kosafika koyera kowawa kuja.

Tsopano kakonzedwe. Dulani pau m'zidutswa za masentimita awiri kapena atatu, khungu musachotse, ndi limene limadzakhala lokukutika pamwamba. Ngati wauma kwambiri moti mpeni ukuterereka ingomunyemani ndi manja, sizifuna kuti zidutswa zifanane. Pakani majarini mu thireyi paliponse mpakana m'makona, muyalemo pau osapanikiza ndipo asapyole masentimita 5 kuya kwake, zikazama kwambiri pakati sipapsa. M'mbale ina menyani mazira ndi shuga, kanela ndi mchere mpakana choyera cha dzira chisaonekenso chikukokeka, pamenepa musachite ulesi poti choyera chosamenyeka chimadzaoneka ngati timizere ta dzira lowiritsa mkati. Thirani mkaka ndi vanila, takasani, kenako sungunulani majarini uja muthiremo. Mkaka ukhale wozizira kapena wofunda pang'ono chabe, wotentha umaphika mazira pompo. Thirani pa pau pang'onopang'ono mozungulira kuti chidutswa chilichonse chilawe, kenako kanikizani ndi chikhatho chosamba bwino kapena kumbuyo kwa chipande. Pakapita mphindi zingapo tembenuzani zapamwamba zipite pansi nkukanikizanso.

Apa pakubwera nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ikukhudza moyo. Maphikidwe ambiri a pa intaneti amati phimbani musiye usiku wonse, ndipo nzoona pau woviikidwa maola 8 kapena 12 amafewa mofanana mpakana pakati, m'mawa ntchito imangokhala yoyatsa moto. Koma amene amalemba zimenezo akunena za mu filiji yozizira madigiri 5 kapena kutsika, ndipo magetsi ake sathima. Mazira aawisi osakaniza ndi mkaka ndi chakudya chimene tizilombo ngati Salmonella timaswana msanga, malangizo a zaumoyo amati zisakhale kunja kupyola maola awiri, ndipo kukatentha kupyola madigiri 32 ola limodzi lokha. Nanga kuno masana ndi madzulo ambiri timakhala pamwamba pa 32 ameneyo. Nde ngati mulibe jelera, filiji ija, musayese kusiya usiku wonse pa tebulo, olo muli ku Tsangano mwezi wa Juni kukuzizira bwanji, kuzizira kwa m'nyumba si kwa filiji. Ngati jelera ilipo koma magetsi athima usiku, yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, kupyola apo musadalire. Njira yabwino kwa ambirife ndi iyi, dulani pau madzulo agone akuuma, m'mawa menyani mazira, viikani mphindi 30 kapena 40 pamalo a mthunzi mukukanikiza ndi kutembenuza, nthawi yomweyo mukukoleza makala. Pau wathu ali ndi mabowo akuluakulu mkati, amamwa msanga, kusiyana kwake ndi za usiku wonse nkochepa kwambiri.

Pamwamba ndimawaza zokukutika. Ufa wa tirigu theka la kapu, shuga wabulawuni masupuni atatu, kanela pang'ono, kamchere, ndi majarini wolimba masupuni atatu, kufikisa ndi nsonga za zala mpakana zikhale timibulu. Kenako mtedza wokazinga wosinja pang'ono chabe dzanja limodzi. Aku America amaika mtedza wawo wa pecan, ife mtedza wathu wa ku Angónia ndi ku Macanga ukukwana, kaya muli ndi kashu wa ku Nampula ikani. Sankhani mtedzawo, wofota ndi wachuku chotsani. Izi muwaze pomwe mukulowetsa pamoto, mukawaza kale zimanyowa nkusungunuka. Ngati simukufuna zonsezi ingowazani shuga ndi timadontho ta majarini, zimakomabe.

Amene muli ndi uvuni wa magetsi kapena wa gasi, utenthetseni kaye ufike madigiri 180. Phimbani thireyi ndi pepala la aluminiyamu mphindi 20 zoyamba kuti nthunzi iphike mkati, kenako vundukulani muphike mphindi zina 20 kapena 25 pamwamba pafiire. Ngati zachokera mu filiji zitulutseni uvuni ukamatenthetsedwa, makamaka ngati mbale yake ndi yagalasi, galasi lozizira kwambiri likalowa pamoto waukulu limatha kusweka. Kwa owerengera mayuniti a magetsi olipiriratu a Credelec, uvuni wa mawati 2000 ukayaka ola lathunthu sudya kupyola mayuniti awiri, nde ndi bwino kuphikiratu thireyi yodzaza kapena kulowetsa ndi mbatata pansi pake.

Koma ambirife uvuni tilibe ndipo sichifukwa chosiyira. Aliyense amene adaona agogo kapena azakhali akuphika chigumu akudziwa kale njira yake, moto pansi moto pamwamba. Tengani poto wokhuthala pansi, mupake majarini mokwanira, zonse zija muchitire mmenemo. Kolezani makala mpakana utsi uthe ayambe kuyera phulusa, kenako chotsani ambiri muike pa chivundikiro chachitsulo kapena pa kachidutswa ka lata kosalala, pa mbaula patsale ochepa kwambiri omwazikana, muwawaze ndi phulusa pang'ono. Chinsinsi chonse ndi chimenechi, moto wambiri pamwamba wochepa pansi, chifukwa mkaka ndi shuga sizichedwa kupserera pansi, ndipo fungo la kupserera likalowa limamveka poto yense. Muzizunguza poto pang'ono mphindi 10 zilizonse poti mbaula siyaka mofanana mbali zonse. Povundukula samalani phulusa lisagwere mkati, nyamulani chivundikiro mowongoka mukachiike pambali. Musavundukule pafupipafupi, kutentha kumathawa.

Njira ina imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya mchenga. Mu poto wamkulu wakale thirani mchenga wouma woyera masentimita atatu, mutenthetse pa mbaula mutavundikira, kenako ikani kathireyi kapena kapoto kakang'ono ka pau wanu pamwamba pa mchengawo, vundikirani muike makala pamwamba. Mchenga umagwira ukali wa moto nkumaupereka pang'onopang'ono, nde pansi sipapserera. Zimatenga nthawi yotalikirapo, mwina ola, koma mtima umakhala m'malo. Mchenga wake mutha kusunga nkumagwiritsanso ntchito.

Abale a kumtunda kozizira, ndikupempheni ndi mtima wonse, mbaula ikhale panja kapena pakhonde podutsa mphepo. Ndikudziwa m'mawa wa Juni ndi Julaye ku Angónia munthu amafuna kulowetsa moto m'nyumba nkutseka zitseko, koma makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka komanso wosanunkha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire ndipo umapha anthu ali m'tulo. Chakudya ichi chimakhala pamoto nthawi yaitali, nde musachiphikire m'chipinda chotseka.

Mudziwa bwanji kuti zapsa? Zimafufuma pang'ono, m'mbali zimayamba kusiyana ndi thireyi, pamwamba pafiira. Lowetsani mpeni pakati penipeni nkukanikizira pambali, ngati mukutuluka mkaka wamadzi bwezerani pamoto, ngati mpeni watuluka wonyowa pang'ono koma wopanda madzi oyenda zapsa. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, pakati pafike madigiri 71 kapena kupyola, pamenepo mazira apsa mosakayikitsa. Koma musapitirizenso mopyola muyezo poopa, dzira likapsa kwambiri limakhwinyata nkufinya madzi amene lidagwira, nde mumadabwa kuona madzi pansi pa thireyi nkumaganiza kuti sizinapse pomwe zapsa mopitirira. Mukaphula dikirani mphindi 10 musanadule, nthawi imeneyo zimamaliza kugwirana ndipo kufufuma kuja kumatsika, musadandaule ndi mmene zimakhalira.

Zikapsa bwino mkati mumakhala mofewa mosalala, pamwamba mokukutika, ndipo m'makona ndi m'mbali mumakhala ngati nkhoko za nsima, ana kwathu amayamba kupempha kumeneko. Alamu anga atalawa koyamba adandifunsa kuti, "Mlamu, keke imeneyi mwagula kuti?" ndipo nditawauza kuti ndi pau wa dzana adakana mpakana ndidawaonetsa zidutswa zotsala pa lichero.

Zothira pamwamba nde mpamene ine ndimasangalala, chifukwa kuno tili ndi zathuzathu. Ku America ndi ku Canada amathira manyuchi a mtengo wa maple, amene ambiri amachokera ku Quebec ndipo pamafunika malita pafupifupi 40 a madzi a mtengowo kuti apeze lita imodzi, nchifukwa chake kabotolo kake nkodula chonchija. Sitikusowa kanthu popanda iwo. Uchi wathu ulipo, kungoti mwana wosakwana chaka musamupatse uchi olo pang'ono. Nthochi zakupsa kwambiri zija zoyamba kuda khungu muzidule muzilowetse pakati pa zidutswa za pau musanaphike, zimasungunuka nkutsekemeretsa moti shuga mutha kuchepetsa ndi theka. Mu Disembala mango ali mbwee, aduleni osawaphika muike pambali m'mbale. Nthawi ya mapichesi a ku Tsangano, aduleni muwayale pansi pa thireyi ndi kashuga ndi majarini kenako pau pamwamba.

Koma zimene zimandifika pamtima ndi malambe ndi masawu. Chakudya ichi nchonona komanso chotsekemera, chimafuna kanthu kowawasa kuti munthu asakoledwe msanga, ndipo malambe ndiye ntchito yake. Viikani malambe m'madzi ofunda ochepa, fikisani ufa uchoke ku nthanga, sefani, thirani kashuga kapena uchi, zikhale zokhuthala zoti nkuyenda pang'onopang'ono pa supuni, aliyense azithira yekha m'mbale mwake. Musathire malambe mu mkaka wa mazira uja musanaphike ayi, kuwawasa kwake kumadula mkaka. Masawu ouma awiritseni ndi madzi pang'ono mpakana afewe, akanyeni muchotse nthanga, bwezerani pamoto ndi shuga mpakana zikhuthale. Fungo la masawu ndi lamphamvu, ena salikonda, nde ikani pambali osathiriratu thireyi yonse. Ine ndikaika ziwirizi pa tebulo uchi umatsala.

Ngati pakhomo pali odwala matenda a shuga, kumbukirani kuti buledi woyera payekha amakweza shuga m'magazi olo musathire shuga wina, nde kwa iwo kagawo kakang'ono, kopanda zowaza pamwamba zija. Mwinanso bola kuwapangira zamchere. Muyezo wa mazira ndi mkaka ndi womwewo, kungochotsa shuga, kanela ndi vanila, nkuika anyezi wokazinga, tomato wofinya madzi, tsabola, ndi nyama ya mbuzi yotsala dzulo yonyotsola bwino, kaya tchizi ngati alipo. Mbuzi ya ku Tete simufuna kuuzidwa kukoma kwake. Amuna ambiri amene amati zotsekemera ndi za ana, izi amadya mpakana kupempha zina, ndipo zimakhalitsa m'mimba kwa munthu wopita ku ntchito yolemetsa.

Zikatsala, zisiyeni zizizire pang'ono nkulowetsa mu jelera mutaphimba, zimakhala masiku atatu bwinobwino. Potenthetsa dulani magawo muwaike pa chiwaya chopaka majarini pang'ono moto wochepa, mbali zonse ziwiri mpakana pakati patenthe, kunja kumabwerera kukukutika kuposa mukatenthetsa ndi nthunzi. Ngati jelera mulibe musasunge, phikani muyezo wa theka, mazira atatu ndi mkaka mamililita 300, kapena zotsalazo patsirani aneba zikadali zotentha. Poto akamatirira pansi musamukande ndi mpeni, thiranimo madzi ofunda akhale kanthawi kenako tsukani ndi phulusa la pa mbaula pomwepo.